Gemu kapena sewero? Funso pa mwambo wa The Game Awards

Funso: Ndimalemba nkhani za magemu a pakompyuta pa Facebook. Mwambo wopereka mphotho za magemu wa The Game Awards ukafika mu Disembala ndimasowa mawu. Kodi ndizilemba "sewero" kapena "gemu"? Chachiwiri, nditalemba kuti Marvel's Spider-Man 2 "idasankhidwa" mu 2023, anzanga adati ndanama. Ndidalakwitsa pati?

Yankho: Tiyambe ndi chosavutacho. Lembani "gemu". Mukanena "sewero", ambiri aganiza za anthu ochita zisudzo pa siteji kapena pa wayilesi. Achinyamata amene amagwira timakina tosewerera tija amati "gemu", ndipo mawuwa adakhazikika kale: gemu yabwino, gemu yatha, magemu atsopano. Taonani kuti ikakhala imodzi timati "ya", akachuluka timati "a". Mukafuna kulemba mwaulemu, monga mu nyuzipepala, "masewera a pakompyuta" ndi bwinonso.

Pa funso lachiwirilo, anzanuwo akunena zoona ndithu, ngakhale simudaname mwadala. Vuto lili pa mneni "kusankhidwa". Munthu akamva kuti uje wasankhidwa, amaganiza za chisankho chimene chatha, wopambana wadziwika. Koma pa mwambo umenewu, umene mtolankhani wa za magemu Geoff Keighley adauyambitsa mu 2014 ndipo masiku ano umachitikira ku Los Angeles, zinthu zimayenda magawo awiri. Poyamba amatulutsa mndandanda wa magemu opikisana m'gulu lililonse. Kenako ndi pamene amavota, ndipo mavoti a atolankhani ndi akatswiri amalemera 90 pa 100 alionse, a anthu wamba 10 okha. Marvel's Spider-Man 2 idalowa m'magulu asanu ndi awiri mu 2023, koma idabwerera chimanjamanja. Gemu yopambana zonse idali Baldur's Gate 3, ya kampani ya Larian Studios ya ku Belgium.

Choncho mukadalemba kuti "idalowa m'gulu la magemu opikisana" kapena "ili pa mndandanda wa olimbirana mphotho". Mawu akuti "yapambana" kapena "yatenga mphotho" muwasungire usiku wa mwambowo, monga: Astro Bot idatenga mphotho ya gemu yopambana zonse mu 2024. Pewaninso kulemba "gemu ya chaka" chabe. Owerenga adzafunsa kuti ya chaka chiti, kapena aganiza kuti imaseweredwa kamodzi pa chaka.

Chinanso, m'kalata yanu mudalemba kuti opanga magemu "amalandira mphatso". Iyi ndimaiona kawirikawiri ndipo imandikhumudwitsa pang'ono. Mphatso imaperekedwa mwa kukoma mtima, munthu osaigwirira ntchito, monga ya pa ukwati. Chimene amalandira anthu amene akhala zaka zambiri akupanga gemu ndi mphotho. Ena amalemba "mphoto", koma kalembedwe kamene mudzakapeze m'mabuku ambiri a Chichewa ndi "mphotho".