Dzina ndi lokoma, koma mwini wake m'buku anafa mwachisoni: timpatse mwana?

Banja lina lachinyamata lomwe likuyembekezera mwana woyamba lafunsa kuti: "Agogo, akabadwa wamkazi tikufuna timutche Ophelia. Achibale ena akutiletsa, ati mtsikana wa dzina limeneli m'sewero la Shakespeare anapenga n'kumira m'madzi, ndiye tikumuitanira mwana tsoka. Tilisiye?"

Adzukulu anga, imfa ya munthu wa m'nthano payokha siipitsa dzina. Ophelia anamira chifukwa wolemba sewero anafuna kuti amire, cholembera ndicho chinamupha. Mwana wanu sadzalowa m'malo mwake. Chomwe muyenera kuyeza n'china: anthu akamva dzinalo, amaona munthu kapena amamva chitonzo?

Yambani mwawerenga nkhaniyo nokha mpaka kumapeto, osangodalira za m'maluwa. Safunsa anadya phula. Ophelia ali m'sewero la Hamlet, lolembedwa cha m'ma 1600. Mnyamata yemwe ankamufunsira, Hamlet, ndiye anapha bambo ake a mtsikanayu, Polonius. Mutu wa Ophelia unasokonekera, ndipo tsiku lina akukoleka maluwa pamtengo wa m'mbali mwa mtsinje, nthambi inathyoka, iye n'kugwera m'madzi. Okumba manda m'seweromo amatsutsana ngati inali ngozi kapena anadzipha. Mbali imeneyi muidziwiretu, chifukwa mwanayo akadzakula adzaiwerenga. Koma onani kuti mtsikanayu sanalakwire munthu aliyense.

Ndiye funso loyamba ndi ili: mwini dzinayo anavutika, kapena anavutitsa anzake? Cordelia wa m'sewero la King Lear anakana kunyengerera bambo ake ndi mawu oshashalika, anathamangitsidwa, anabwerera kudzawapulumutsa, kenako anapachikidwa ali m'ndende. Imfa yowawa, koma dzina lake limakumbutsa mwana wokhulupirika. Yezebeli ndi Kaini ali mbali inayo. Taganizirani za Yudasi: dzinali likuchokera kwa Yuda, ndipo pa Genesis 29:35 Leya analitcha poyamika Mulungu. Pa atumwi khumi ndi awiri analipo awiri a dzina limeneli, moti pa Yohane 14:22 wolemba anachita kufotokoza kuti akunena winayo, osati Isikariote. Tanthauzo labwino komanso mtumwi wosalakwa sizinaliombole, chifukwa anthu analisandutsa mawu otanthauza wompereka mnzake.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amaganiza kuti ngati munthu wa m'bukuyo anali wosalakwa ndiye kuti dzina lili bwino. Si nthawi zonse. Lolita linali dzina wamba lachisipanishi, losasitira mtsikana wotchedwa Dolores. M'buku la Vladimir Nabokov lomwe linatuluka mu 1955, mtsikana wa zaka 12 wotchedwa choncho amagwiriridwa ndi munthu wamkulu. Mwanayo ndiye wolakwiridwa, koma dziko linapotoza nkhani, dzina lake n'kusanduka mawu onenera kamtsikana ngati kokopa amuna. Limeneli, ngakhale likome chotani m'khutu, musampatse mwana. Kuipa kwake kunatuluka m'buku n'kulowa m'kamwa mwa anthu omwe bukulo sanaligwirepo n'komwe.

Funso lachiwiri: dzinali analigawana anthu angati? Anna Karenina wa m'buku la Tolstoy la 1878 anadziponya pansi pa sitima. Emma Bovary wa m'buku la Flaubert la 1857 anamwa poizoni. Ndani akamva Anna kapena Emma amaganiza za sitima ndi poizoni? Maina amenewa ali ndi eni ake ankhaninkhani, nkhani imodzi imangosungunukamo ngati mchere m'nyanja. Okonkwo wa m'buku la Chinua Achebe la 1958, Things Fall Apart, anadzimangirira, koma pakati pa Aigbo ku Nigeria dzinali linalipo bukulo lisanalembedwe ndipo mabanja ambiri amadziwika nalo. Kwa munthu wakutali amene analimvera m'kalasi mokha, Okonkwo ndi mmodzi basi. Choncho kulemera kwa nkhani kumasintha malinga ndi kumene mwanayo adzakulire, kudzaphunzira ndi kudzagwira ntchito.

Kenako fufuzani tanthauzo, chifukwa tanthauzo ndilo mumalitchula tsiku ndi tsiku. Desdemona wa m'sewero la Othello anaphedwa ndi mwamuna wake chifukwa cha nsanje yopanda maziko, ndipo dzinalo likuchokera ku mawu achigiriki otanthauza watsoka. Nkhani yachisoni, tanthauzo lachisoni, mwini wake wodziwika mmodzi yekha: zitatu zonse zakumana, ndiye ine ndingati pezani lina. Ophelia likuchokera ku mawu achigiriki otanthauza thandizo. Kusiyana kwake n'kwakukulu.

M'Baibulo muli zitsanzo ziwiri zothandiza. Pa Genesis 35:18 Rakele, akumwalira pobereka, anatcha mwana wake Benoni, kutanthauza mwana wa chisoni changa. Yakobo sanalole kuti mwanayo asenze imfa ya mayi ake m'dzina, anamutcha Benjamini. Pomwe Abisalomu, mlongo wake Tamara atachitidwa chipongwe ndi Amnoni, anadzatcha mwana wake wamkazi dzina lomwelo la Tamara, monga tikuwerenga pa 2 Samueli 14:27. Wina anachotsa dzina lomwe tanthauzo lake linali maliro, wina anasunga dzina la wolakwiridwa. Onse awiri anachita mwanzeru.

Tsopano zoti muchite musanalembetse. Lembani dzinalo pamodzi ndi la bambo, mulitchule mokweza kangapo, mwachikondi komanso mokalipa, mumve ngati likuyenda palilime. Funsani anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a misinkhu yosiyana, aliyense payekha, kuti akamva dzinali chimabwera poyamba m'mutu n'chiyani. Musayambe n'kuwafotokozera nkhani ya m'buku, mukatero mwawapatsa kale yankho. Mmodzi akatchula sewero, palibe vuto. Ambiri akachita tsinya kapena kuseka, mwaonereratu zomwe mwanayo adzakumane nazo. Lilembeninso pa intaneti muone zomwe zikutuluka koyambirira, chifukwa anzake akusukulu ndi omulemba ntchito adzachita chimodzimodzi.

Samalani ndi maina a abale ake. Juliet payekha ndi dzina labwinobwino, Romeo payekha chimodzimodzi. Koma mapasa mukawatcha Romeo ndi Juliet mwapatsa mwana ndi mlongo wake maina a chibwenzi chomwe chinathera kumanda. Abele ali bwino, koma osati mkulu wake ali Kaini. Maina awiri a m'nkhani imodzi akakhala m'nyumba imodzi, nkhaniyo imadzuka.

Kusintha kalembedwe sikubisa kanthu. Ofelia ndi momwe Asipanishi ndi Aitaliyana amalilembera, ndipo khutu limamva dzina lomwelo. Sankhani kalembedwe kamodzi, kakhale komweko pa chiphaso chobadwira, pa mapepala akusukulu ndi pa pasipoti, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana, mwanayo adzavutika kutsimikizira kuti ndi munthu mmodzi yemweyo.

Chinthu chofunika kwambiri n'kukonzekera yankho la mwanayo. Akadzafika zaka zisanu ndi ziwiri adzafunsa chifukwa chomwe munamutchira choncho, ndipo ziganizo ziwiri zidzakwana: tanthauzo lake ndi chomwe munalikondera. Mukhozanso kumuuza kuti umodzi mwa miyezi yozungulira pulaneti la Uranus, womwe chombo cha Voyager 2 chinaupeza mu 1986, umatchedwa Ophelia, ndipo ina ndi Cordelia ndi Juliet. Akadzakula ndithu mudzamuuze nkhani yonse inu nokha, asadzaimve koyamba kwa mnzake womuseka. Yeserani mayankho awiriwa lero. Mukaona kuti simungawanene osayang'ana pansi, dzinalo si lanu.

Ngati mmodzi wa inu mtima sukukhazikika, musakakamizane. Liikeni pachiwiri, loyamba likhale lomwe nonse mwagwirizana. Mayi kapena bambo amene amachita mantha potchula dzina la mwana wake amayamba kulizemba, ndipo mwana amazindikira.

Za Ophelia, ine ndikuti mpatseni. Achibale aja musawayankhe mwamwano, akuletsa chifukwa chokonda mwanayo. Khalani nawo pansi, muwauze tanthauzo lake, muwafotokozere kuti mtsikana wa m'seweroyo sanali woipa, ndipo muchite zimenezi mwana asanabadwe.