Mwana akufuna kulowa ma Brownie, koma akuti brownie ndi mzimu

Mayi wina wandilembera imelo kuti mwana wake wamkazi wa zaka 8 akufuna kulowa ma Brownie (gulu la atsikana aang'ono la Girl Guides) kusukulu, koma atafufuza pa foni wapeza kuti brownie ndi kamzimu kokhala m'nyumba, ndiye akufunsa ngati si zausatana. Funsoli landifika pamtima chifukwa ineyo ndinachotsedwa ku ma Brownie ndili wamng'ono, azakhali anga anangomva mphekesera zomwezi basi tsiku lomwelo yunifolomu yanga anaipinda n'kuiponya pansi pa sutikesi, anzanga akuimba pabwalo ine ndikusuzumira pawindo la kalasi. Mpaka pano zimandiwawa.

Mayi, mawuwa kwawo ndi ku Scotland ndi kumpoto kwa England. M'nthano zawo brownie ndi kanthu kakafupi, anthu akagona kamasesa m'nyumba n'kumaliza ntchito zomwe zatsala, eni nyumba amakasiyira mbale ya mkaka pafupi ndi moto, koma ukakapatsa zovala kamachoka osabweranso. Ena akangomva izi amati ndi ndondocha. Ayi ndithu, ndondocha amati ndi munthu wophedwa m'matsenga kuti azigwirira wina ntchito, pomwe aka palibe wakapha kapena kukagwira ukapolo.

Gulu la atsikana aang'onoli linayamba ku Britain mu 1914 likutchedwa Rosebuds, atsikanawo dzinalo sanalikonde, ndiye Baden-Powell, yemwe anayambitsa ma Scout, analisintha kukhala Brownies potengera nkhani ya Juliana Horatia Ewing ya 1870, ya ana awiri aulesi amene anaphunzira kuthandiza pakhomo osadikira kutumidwa ngati brownie wa m'nthano uja. Nkhani yake ndi yomweyo basi, mwana azitsuka mbale yekha. Dzina lomweli a kampani ya Kodak analipereka kwa kamera yawo yotchipa ya 1900 yomwe inkagulidwa dola imodzi, komanso kakeke ka chokoleti kochokera ku America kaja nakonso ndi brownie, ndipo sindinaonepo munthu akukakana pa tebulo kuti muli ziwanda. Chomwe chimandikwiyitsa n'choti timafulumira kuopa dzina, amene amalipira ndi mwana amene palibe wamufunsa.

Ndiye mumulole?

Eya, muloleni. Ngati mtima sukukhazikikabe pitani tsiku limodzi mukakhale kumbuyo muone zomwe amachita, mupemphe mtsogoleri wawo akuwerengereni lonjezo lomwe ana amanena, mufunsiretu ndi mtengo wa yunifolomu musanamulonjeze mwanayo.