Yambani ndi sukulu, nyumba ibwere pambuyo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina. Amuna awo awasamutsa kuntchito, ndiye banja lonse likupita kutali. Ali ndi ana atatu. Wachiwiri, mnyamata wa zaka 8, ali ndi vuto la kumva ndipo amavala timakina m'makutu. Akufunsa kuti ayambe kufuna nyumba kapena sukulu, komanso ngati n'koyenera kuulula za vutoli mwana asanalembedwe, popeza akuopa kuti amukana.

Amayi, yambani ndi sukulu ya mnyamatayu. Abale ake awiriwo angathe kuzolowera m'sukulu zambiri, koma iyeyu malo omuyenera ndi ochepa. Mukawapeza, funani nyumba cha pafupi. Mwana wosamva bwino amatopa kale ndi ntchito yotchera khutu ndi kuwerenga milomo tsiku lonse, ndiye asawonjezerenso ulendo wautali m'mawa ndi madzulo.

Za kubisazo, chonde musatero. Mwana wa mchemwali wanga, yemwenso samva bwino, anatha teremu yonse atakhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi, aphunzitsi akumutenga ngati wamwano chifukwa akamuitana sankatembenuka. Palibe amene anali atawauza. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira mmene ankabwerera kunyumba ali ndwii, kope lake lopanda kanthu. Sukulu imene ingamukane mwana wanu chifukwa mwanena zoona, ikanadzamuzunza ikanamulandira mosadziwa.

Simukupempha chifundo ayi. Mu 1994 maboma 92 anagwirizana ku Salamanca, m'dziko la Spain, kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, ndipo pangano la United Nations la 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali likunenanso za maphunziro ophatikiza ana onse mu gawo 24. Komatu pepala siliphunzitsa mwana. Pitani nokha, sukulu ili mkati, ndipo pemphani kukhala m'kalasi ngakhale kwa mphindi 20. Onani ngati mphunzitsi amayankhula atayang'ana ana kapena atapereka msana akulemba pa bolodi. Mvetserani phokoso: timakina timeneti timakweza mawu a mphunzitsi, komanso timakweza kukwekwereza kwa mipando ndi magalimoto odutsa pamsewu. Onani ngati nkhope ya mphunzitsi ikuoneka bwino, chifukwa akaima chakuwindo kowala, milomo yake siwerengeka. Pa nthawi yopuma tulukani panja, muone ngati ana ena ovutika ali ndi anzawo osewera nawo kapena angoima okha pakhoma.

Kwa aphunzitsi aakulu funsani molunjika, safunsa adadya phula. Mphunzitsi wa ana ofuna chithandizo chapadera alipo? Amakhala pasukulu pomwepo kapena amayendera sukulu zingapo? Mwana wanga adzamuona kangati pa sabata? Akangoyankha kuti "ife timakonda ana onse" osatchula dzina kapena tsiku, dziwani kuti dongosolo palibe.

Musananyamuke, sonkhanitsani zikalata: zotsatira za kuyeza makutu, malipoti a kusukulu, ndi kalata ya mphunzitsi wake wapano yofotokoza zimene zimamuthandiza m'kalasi. Kalata imeneyi ndi yamtengo wapatali kuposa magiredi. Zonsezi muzijambule pafoni, ndipo zenizenizo zikhale m'chikwama chanu, osati m'katoni ya katundu.

Ngati mukuwoloka malire, pali zina ziwiri. Chinenero cha manja si chimodzi padziko lonse. Cha ku Britain ndi cha ku America n'zosiyana ngakhale mayiko onsewa amayankhula Chingerezi. Chaka cha sukulunso chimasiyana: ku South Africa chimayamba mu Januwale, ku England mu Seputembala, ndiye funsani msanga kalasi imene adzalowe.

Sukulu ikapezeka, mupite naye mnyamatayo tsiku loyamba lisanafike. Akaone mpando wake wakutsogolo, adziwe kumene kuli chimbudzi, aone nkhope ya mphunzitsi wake. Mphunzitsiyo mumusiyire mabatire apadera a timakina ta m'makutu tija ndipo mumuonetse kasinthidwe kake.