Tifunseni: Kampani ikalowa mchipatala cha boma ndiye kuti chagulitsidwa?

FUNSO: Akulu, ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakolopa pachipatala china cha boma ndipo ndatha zaka 9. Atiuza kuti chaka chamawa ntchito yathu itengedwa ndi kampani, tizivala yunifomu yawo. Anzanga akuti basi chipatala chagulitsidwa, odwala ayamba kulipira. Zoona zimenezi?

YANKHO: Mtima m'malo mayi, sichinagulitsidwe. Kugulitsa ndi pomwe kampani yatenga chipatala kukhala chake. Zanuzi boma langopereka ntchito ina, kaya kukolopa, kuchapa, ulonda, kwa kampani pa kontrakiti, ndalama zikuchokerabe kumisonkho. Ku Britain anayamba zotere mu 1983 nthawi ya nduna yaikulu Margaret Thatcher, koma mpaka lero munthu wakumeneko akagonekedwa mchipatala cha boma, chomwe amati cha NHS, satulutsa kanthu.

Koma sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Kampani imawina tenda chifukwa yatchula mtengo wotsika, ndiye phindu lake ilipeza pati? Nthawi zambiri pa inuyo. Wodi imene mumakolopa anthu anayi muzikolopa awiri, sopo akuchita kukuyezerani, nesi akati bwerani mupukute magazi apa mumayankha kuti dikirani ndifunse abwana, poti bwana wanu sakhalanso wapachipatalapo. Ku Scotland zinawakwana, mu 2008 analengeza kuti ntchito yokolopa ndi kuphika mzipatala asiye kuipereka kumakampani.

Zimafika poipa kampani ikapatsidwa chipatala chonse. Ku Lesotho, chipatala cha Queen Mamohato ku Maseru chinatsegulidwa mu 2011, choyendetsedwa ndi gulu lotsogoleredwa ndi Netcare yaku South Africa pa kontrakiti ya zaka 18, chokongola ndithu, koma pofika 2014 a bungwe lolimbana ndi umphawi la Oxfam anati chikudya theka la bajeti yonse ya zaumoyo, makiliniki akumidzi akungoyang'ana. Boma linathetsa mgwirizanowo mu 2021. Ndipo kampani itha kugwa, kampani ya zomangamanga yaku Britain ya Carillion inagwa mu 2018 n'kusiya chipatala cha Royal Liverpool chosatha kumanga, boma ndi lomwe linatolera.

Ndiye inu mayi musasaine chilichonse mothamanga. Funsani ngati zaka 9 zanuzo ziwerengedwe kapena muyambira pa ziro, penshoni ikhala mmanja mwa ndani, nanga kontrakiti ya kampaniyo ikatha inu mupita kuti. Akuyankheni papepala osati pakamwa, ndipo pokafunsapo mupite pagulu ndi a yuniyoni.