Musanathamangire mavitamini, ng'ombeyo imwe madzi kaye

Bambo wina wa ku Bvumbwe wafunsa kuti ng'ombe yake yamkaka ya mtundu wa Friesian imatulutsa malita 15 patsiku koma chilowereni Okutobala yatsika kufika pa 9, ikungopuma wefuwefu dovu lili chuchuchu. Akuti amaimwetsa ndowa ziwiri mmawa, khola ndi lamalata, ndipo anagula mavitamini kushopu n'kuibaya yekha kawiri koma palibe chasintha.

Bambo, ndiyambe ndakudzudzulani pang'ono. Ndowa ziwiri? Amenewo ndi malita 40 basi, pomwe ng'ombe yokamidwa nyengo yotentha ino imatha kumwa malita 80 mpaka 100 patsiku, ndipo mkaka umene mukuufunawo gawo lake lalikulu ndi madzi omwewo. Ndiye mwaimana madzi kenako mukuibaya jekiseni, ayi ndithu simunaichitire bwino. Komanso zomabaya nokha osaitana alangizi a ziweto musiye, ena atupitsa nazo ng'ombe pakhosi.

Ine osaiona n'komwe ndikukuuzani kuti ndi kutentha. Friesian ndi ng'ombe ya kumaiko ozizira, kukangopitirira madigiri 25 imayamba kuvutika, imachepetsa kudya, ndiye pansi pa malata masana a Okutobala mukuganiza kuti ikumva bwanji? Chilala cha 2016 chija ndinazionera ndekha, alimi amene anayala udzu pamwamba pa malata n'kusiya madzi m'chomwera tsiku lonse mkaka unabwerako pasanathe masabata awiri, pomwe anzawo ankangogula mabotolo a mavitamini. Ndalama ya mabotolo amenewo bola mugulire mitolo ya udzu wofolera khola.

Sikuti mavitamini ndi achabe ayi. Chilimwe chino ng'ombe ikudya mapesi ouma ndi madeya, ndipo vitamini A imachokera ku msipu wobiriwira, ndiye ikhoza kuperewera, makamaka kwa ng'ombe yabere kapena imene ikuchedwa kutenga bere. Pamenepo jekiseni wa ADE, wa mavitamini A, D ndi E, amathandiza, koma abaye alangizi atayeza kukula kwa ng'ombeyo. Mavitamini a B musavutike nawo, ng'ombe imadzipangira yokha m'chifu bola ikudya bwino. Koma ine mankhwala anga ndi lukina basi, masamba aawisi kusakaniza ndi nsenjere ya kudimba, osachulukitsa, lukinayo asapose gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Chaka chilichonse ndimauza alimi kuti dzalani lukina m'malire mwa munda, amakumbukira Okutobala akafika.

Muziidyetsa mmamawa kwambiri ndi madzulo kukazizira, mchere wonyambita uja usasowe m'khola chifukwa ikutaya mchere ndi thukuta komanso dovu. Masana muziithira madzi pamsana.

Koma mukaona kuti mmawa kukadali kozizira thupi likutenthabe, kapena yatupa anabere pansi pa khutu, itanani alangizi tsiku lomwelo, amenewo akhoza kukhala matenda a nkhupakupa ndipo sachedwa kupha Friesian.