Thanki ya malita 540, ndigule fyuluta yanji?

Funso: Ndapangitsa thanki yagalasi ya masentimita 150 mulitali, 60 mulifupi ndi 60 kupita mmwamba, ndikufuna ndiikemo nsomba za mbuna ngati 30 ikhale pabalaza. Mnzanga akuti ndiitanitse canister (fyuluta yokhala kunja kwa thanki) imodzi yaikulu ku Joni basi zatheka, wina akuti timafyuluta tamkati tija tiwiri tikwana. Magetsi kwathu kuno amathimathima. Ndigule chani kuti ndisataye ndalama? Ndine bambo wa ku Namiwawa, Blantyre.

Yankho: Bambo, thanki yanuyo ndi malita 540, madzi okha akulemera makilo 540 osawerengera miyala ndi galasi, ndiye tebulo lake likhale lowotcherera bwino. Koma tiyeni ku funso lanu.

Timafyuluta tamkati tiwiri tija iwalani. Mbuna zimadya kwambiri, zimachita chimbudzi kwambiri, komanso timaziika zambiri dala kuti zisamalimbane ndi imodzi mpaka kuipha, ndiye zinyalala zimachuluka. Pa mbuna osunga nsomba ambiri amafuna madzi onse a mthanki azidutsa mu fyuluta ka 8 mpaka ka 10 pa ola, kwa inu ndi malita opitirira 4,000 pa ola. Ndipo nambala yolembedwa pa katoni musaikhulupirire yonse, imeneyo amayeza pampu ilibe kanthu, mukangoika siponji ndi mapaipi okwera kuchokera pansi pa kabati mphamvu imatsika ndithu.

Chomwe anthu ambiri sadziwa nchoti ntchito yaikulu ya fyuluta sikugwira zinyalala zooneka ndi maso ayi. Nsomba zimatulutsa ammonia, ndi poizoni ameneyo, ndiye pali mabakiteriya okhala pa siponji ndi pa timiyala ta ceramic tamabowo tija omwe amasandutsa ammonia kukhala nitrite kenako nitrate yemwe alibe ukali kwambiri ndipo mumamuchotsa posintha madzi. Madzi a mbuna amafunika akhale a pH (muyeso wa asidi mmadzi) ya pafupifupi 8 ngati ya ku nyanja, ndipo pH ikakwera chonchi ammonia amapweteka msanga. Mabakiteriyawo amapuma oxygen. Apa mpamene pali nkhani ya magetsi anu aja.

Canister ndi chigubu chotsekeka. Magetsi akathima madzi amaima mkatimo, oxygen amatha, pakapita maola angapo mabakiteriya amayamba kufa, ndiye magetsi akabwera usiku inu muli mtulo pampu imangodzuka nkulavulira madzi onunkha ngati dzira lovunda aja mthanki, mmawa mupeza nsomba zili pamwamba kukamwa yasaa. Sikuti canister ndi yoipa, Eheim ndi Fluval amapanga zabwino zedi ndipo sizichita phokoso pabalaza, Fluval FX6 ikhoza kuinyamula thanki yanuyo. Koma imodzi yokha ku Blantyre kuno ayi, komanso ka raba kotsekera chivindikiro kakatha kapena impeller, ija imazungulira mu pampu nkumakankha madzi, ikathyoka mudzadikira munthu wochokera ku Joni nsomba zikuvutika.

Ine ndikanakhala inu ndikanapangitsa sump. Ndi thanki ina yaing'ono ya malita 120 kapena 150 yokhala mkabati pansi, yogawidwa zipinda ndi magalasi, madzi amatsika okha kuchokera mmwamba, kudutsa pa siponji, kenako pa timiyala, pampu nkuwabwezera. Yemwe anakupangirani thankiyo akhoza kuipanga, ndi yotsegula pamwamba ndiye mpweya umalowa, heater ya nthawi ya chiperoni mu June ndi July imabisala momwemo, ndipo pampu ikafa mumangogula ina iliyonse yamphamvu yofanana. Vuto lake galasi la thanki yaikuluyo liyenera kubooledwa musanathire madzi, ndipo sump musamaidzadze, siyani malo oti madzi a mmapaipi abwerere magetsi akathima. Yesani masana muli pomwepo, zimitsani pa switch muone pomwe madzi aimire, apo ayi kapeti ya mayi akunyumba idzasambira.

Kaya mwasankha sump kaya canister, onjezani ma sponge filter awiri akuluakulu mmakona kuseri kwa miyala, oyendera air pump (pampu ya mpweya) yokhala ndi batire mkati, ija imapitiriza yokha magetsi akapita. Ndi zotchipa, zimadya mawati ochepa kwambiri moti ngakhale ka inverter kakang'ono kamazikwanitsa, ndipo ndi zomwe zidzapulumutse nsomba zanu. Mafyuluta aja oyala pansi pa mchenga musayese nkomwe, mbuna zimakumba.

Potsuka siponji finyirani mu ndowa ya madzi omwe mwapungula mthanki, osati pa mpope, chifukwa madzi a Water Board ali ndi klorini ndipo klorini amapha mabakiteriya omwe mukuwetawo. Madzi atsopano thiranimo kaye mankhwala ochotsa klorini. Ngati mwagula canister ndipo magetsi athima nthawi yaitali, izuleni pa soketi, mutaye madzi a mkatimo musanaiyatsenso. Ndipo mbuna 30 zija musaziike tsiku limodzi, fyuluta yatsopano imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya akhazikike, pokhapokha mutapempha siponji yakale kwa mnzanu amene thanki yake ili bwino kale.