Chimbudzi cha aneba chili kumtunda kwa chitsime: kodi dothi lisefa zonse?

Mayi, mwati aneba anu akumba chimbudzi mamita 15 okha kuchokera pa chitsime chanu, cha kumtunda, koma madzi akutulukabe oyera mbee, opanda fungo, ndipo ena akuuzani kuti musade nkhawa poti dothi limasefa zonse. Anzathu ambiri akuyankhani kuti "pamafunika mamita 30 basi." Nambalayo ndi yoona, ndiyo imene mabungwe othandiza anthu pa ngozi amagwiritsa ntchito, koma payokha siingakuuzeni ngati ana anu ali otetezeka. Chimene chimateteza chitsime ndi masiku amene madzi amatenga kuchoka pansi pa chimbudzi kukafika pa inu, ndipo masikuwo amasiyana kutalitali malinga ndi nthaka ya pamalopo.

Ambirife timaganiza kuti pansi pa nthaka pali mitsinje yoyenda ngati Linthipe kapena Shire. M'malo ambiri sizili choncho. Madzi amakhala m'timipata ta pakati pa njere za mchenga ndi dothi, kapena m'ming'alu ya miyala, ndipo wokumba chitsime amangotsegula malo oti madziwo azisonkhanamo. Sakhala chilili ayi. Amakwawa pang'onopang'ono, kawirikawiri kutsata kutsetsereka kwa malo, kulowera kudambo kapena kumtsinje. Nchifukwa chake mawu anu akuti "cha kumtunda" andidetsa nkhawa kuposa mamita 15 aja. Chitsime chanu chili m'njira ya madzi ochokera kwa anebawo.

Amene anayamba kuyeza kayendedwe kameneka ndi Henry Darcy, injiniya wa ku France yemwe anakonza ntchito ya madzi mumzinda wa Dijon. Ankadzaza mchenga m'paipi yoimika, kudutsitsamo madzi, n'kumayeza otuluka. Zimene anapeza anazilemba mu 1856, ndipo akatswiri a mijigo amawerengera nazo mpaka lero: madzi amafulumira mphamvu yowakankha ikakula, amachedwa ulendo ukatalika, ndipo nthaka iliyonse ili ndi mlingo wake wolola madzi kudutsa. Mlingo umenewu ndiye mwini nkhani. Dongo limamwa madzi ambiri, nthawi zina kuposa mchenga, koma timipata take n'tating'ono kwambiri moti madzi atha kutha chaka asanayende mita imodzi. Mumchenga wokhakhala kapena m'timiyala amangodutsa.

Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti kwanuko ndi mchenga wapakatikati, ndipo madzi a pansi amatsika mita imodzi pa mamita 100 alionse. Pamenepo amayenda pafupifupi masentimita 40 patsiku, kutanthauza kuti mamita 15 aja awamaliza m'masiku 37 kapena 38. Kutsetsereka kukakula kawiri, masiku atsala 19. Mchenga ukakhala wokhakhala, wolola madzi kakhumi kuposa woyamba uja, masiku anayi okha madzi afika. Mamita ndi omwewo 15, koma nkhani zake zitatu zosiyana. Ndipo kumbukirani kuti mukamatunga kwambiri, makamaka ndi pampu ya magetsi, madzi a m'chitsime amatsika, a m'mbali onse n'kuyamba kuthamangira komweko. Chitsime chotungidwa ndi mudzi wonse chimadzikokera chokha zonyansa.

Masikuwa ndi ofunika chifukwa tizilombo ta m'chimbudzi sitikhalitsa tikachoka m'mimba mwa munthu. Tina timakodwa pa njere za dothi, tina timadyedwa ndi tizilombo tinzake ta m'nthaka, tambiri timangofa pakapita nthawi. Malangizo amene akatswiri a British Geological Survey, bungwe la ku Britain lofufuza za nthaka ndi miyala, anatulutsa mu 2001 amati ulendo wosakwana masiku 25 ndi woopsa, ndipo wopitirira masiku 50 ngoziyo imachepa kwambiri. Ndiye amene akuti dothi limasefa sakunama, kungoti limasefa likapatsidwa nthawi.

Pali malo amene dothi silipatsidwa nthawi n'komwe. Kumene pansi pali thanthwe long'ambika, madzi salowa m'timipata, amatsata mng'alu, ndipo m'mng'alu mulibe chowasefa. Lusaka ndi chitsanzo chowawa: mzindawu unakhala pa miyala ya laimu imene madzi anaiboola mapanga, ndipo ku Kanyama, kumene zimbudzi zokumba ndi zitsime zosazama zili khomo ndi khomo, kolera anavuta kwambiri mu 2017 ndi 2018. Pamalo otere ngakhale mamita 30 sapulumutsa munthu. Kuno kwathu madera ambiri a kumtunda ali ndi katondo pamwamba, pansi pake mwala wofumbutuka, kenako thanthwe la ming'alu, pamene m'mbali mwa nyanja ndi kuchigwa cha Shire kuli mchenga ndi dothi lobwera ndi madzi. Funsani amene anakumba chitsime chanu, amakumbukira zimene khasu linatulutsa, ndipo yankho lawo ndi lothandiza kuposa kuyerekeza kwa ife tili kutali.

Chinanso chimene sichinatchulidwe m'mayankho ndi kuzama kwa dzenje la anebalo. Kusefa kwabwino kumachitika m'dothi losakhuta madzi, lomwe muli mpweya, pakati pa pansi pa dzenje ndi pamene madzi a pansi ayambira. Pamafunika mpata wa mita imodzi ndi theka kapena kuposa. Vuto ndi lakuti zimbudzi zambiri zimakumbidwa m'chilimwe, madzi ali pansi kwambiri, wokumba n'kumati dzenje n'louma gwa. Pofika Febuluwale madzi akwera, alowa m'dzenjemo, zonyansa zasakanikirana ndi madzi a pansi popanda chotchinga. Suzumirani m'chitsime chanu mvula ikakhwima. Ngati madzi amakwera mpaka kutsala mamita awiri kapena atatu kuti afike kukamwa, ndipo dzenje la aneba n'lozama chimodzimodzi, dziwani kuti ziwirizi zikumwa madzi amodzi.

Za kuyera kwa madzi, chonde musakhulupirire maso. Mu 1854 anthu a ku Broad Street ku London ankakonda madzi a pampu ya pamsewu wawo, mpaka ena okhala kutali ankatumiza kuti akawatungire. Kolera anapha anthu oposa 600, ndipo dokotala John Snow atalondola imfazo n'kupempha kuti chogwirira cha pampuyo chichotsedwe, zinadzadziwika kuti chitsimecho chinali pafupi kwambiri ndi dzenje la zonyansa, osakwana mita imodzi. Ifenso sitinaiwale za 2022 ndi 2023, pamene matenda omwewa anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Palinso zimene dothi silingagwire ngakhale mutalipatsa chaka. Mukamacheza chidulo cha therere, phulusa limatsala m'chitini chobowolacho, koma madzi odontha pansi atenga mphamvu yonse ya phulusalo. Zosungunuka m'madzi zimayenda ndi madzi. Mkodzo ndi manyi zikawola zimatulutsa mchere wotchedwa nitrate, womwe suoneka, sununkha, ndipo umayenda kutali kuposa tizilombo. Bungwe la WHO limati usapitirire mamiligiramu 50 pa lita. Akuluakulu saumva msanga, koma makanda a miyezi yochepa ukawachulukira magazi awo amalephera kunyamula mpweya bwino. Kuwiritsa sikuuchotsa, kulolini nayenso sauchotsa. Ngati m'nyumba muli khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi, liyamwe bere lokha, ndipo likafunika madzi pa chifukwa china, akhale a pamjigo wozama kapena a pampopi.

Ine ndikanakhala inu, kuyambira lero madzi akumwa ndikanathira kulolini kapena kuwawiritsa, osadikira kuti wina atsegule m'mimba kaye. Kenako ndikanaitana mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzaone malowo ndi maso, akuuzeninso kumene mungayezetse madzi. Muwayezetse m'dzinja, chifukwa zotsatira za mu Okutobala zingakunamizeni. Kwa aneba pitani mwaulemu, makamaka limodzi ndi mlangiziyo kapena amfumu. Sanalakwe pokumba chimbudzi, banja lopanda chimbudzi n'loopsa kuposa pamenepo. Pempho lanu likhale loti chikadzadza, kapena msanga ngati angathe, chinacho akachikumbe kumunsi kwa chitsime ndi kutali, chisazamenso mpaka kufika pamadzi.

Ndipo musayang'ane kwa aneba kokha. Zitsime zambiri zimaipitsidwa kuchokera pamwamba: madzi a mvula okokolola ndowe za mbuzi ndi nkhuku amatsikira m'mbali mwa njerwa, chingwe chimagona m'matope, ndowa iliyonse ya m'mudzi imalowamo. Njira imeneyo ndi ya mphindi zochepa, dothi silisefapo kanthu. Mangani kakhoma kozungulira kukamwa kwa chitsime, wakani simenti pansi mozungulira kuti madzi otayika azitsetserekera kunja m'ngalande, tsekani ming'alu ya mamita oyambirira a m'kati, ikani chivundikiro, ndipo pakhale ndowa imodzi yotungira yomwe imakolekedwa pamtengo ndi chingwe chake.